Ampulifaya ya gitala ya machubu imene ina inagwirapo kale ntchito: kuzindikira matenda ake musanalipire

Dandaulo limene limamveka mobwerezabwereza kwa oimba gitala amene agula ampulifaya ya machubu kwa munthu wina ndi lakuti inkalira bwino kwa wogulitsa, koma itafika kutchalitchi kapena kumalo oyeserera nyimbo inayamba kung'ung'uza, kuthetheka, kuzilala mawu, mwinanso kupsereza fyuzi nyimbo yachitatu isanathe. Kawirikawiri wogulitsayo amakhala kuti sananame. Wogula ndiye amaimvetsera kwa mphindi 5 zokha, volyumu ili pansi, pamene matenda ambiri a ampulifaya ya mtundu umenewu amadikira kuti itenthe ndiponso ikwezedwe mawu kuti aonekere. Pafupifupi ampulifaya iliyonse imene yatha zaka 10 ili ndi kena kake kofunika kukonza, choncho ntchito ya wogula ndi kusiyanitsa matenda amene amatha posintha chubu kapena kupukuta fumbi ndi matenda amene mtengo wake wokonzera ungafanane ndi wogulira ampulifaya ina.

Zigawo zake n'zochepa. Muli machubu ang'onoang'ono agalasi, ooneka ngati mababu, amene amalandira mawu a gitala ndi kuwakonza, ndipo ambiri mwa iwo ndi 12AX7, amene ku Ulaya amalembedwa ECC83. Muli machubu akuluakulu amene amapereka mphamvu yokankha sipika, monga 6L6, 6V6, EL34 ndi EL84. Fender Hot Rod Deluxe, imene inatuluka mu 1996 ndipo ndi ya mawati 40, ili ndi 6L6 awiri ndi 12AX7 atatu. Fender Blues Junior ya mawati 15 ili ndi EL84 awiri. Vox AC30 ili ndi EL84 anayi. Pamene Marshall JCM800 ya mu 1981 imadziwika ndi EL34. Mulinso makapasita amene amasalaza magetsi, ndi mathiransifoma awiri, ina ya magetsi ndi ina ya mawu. Machubu anapangidwa kuti azitha ngati mababu ndipo amazulidwa ndi dzanja. Makapasita amakalamba, ndipo akatha zaka 20 kapena kuposerapo n'chinthu chachizolowezi kuwasintha. Mathiransifoma okha ndiwo sayenera kufa, ndipo akafa ndalama imatuluka yambiri.

Musanalumikize ku magetsi

Yambani ndi kuwerenga zimene zalembedwa kumbuyo, pafupi ndi pamene nthambo ya magetsi imalowera. Ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 230, pamene ku America ndi 120 ndipo ku Japan ndi 100. Pulagi isakunamizeni, chifukwa aliyense angathe kudula ya ku America n'kuikapo yathu ya mano atatu. Ndinaonapo ampulifaya imene wachibale wa mnzanga wina anamutumizira m'kontena pamodzi ndi katundu wa m'nyumba. Pulagi inali itasinthidwa bwinobwino, koma kachitsulo kakumbuyo kanali kakunenabe kuti 120V, ndipo nditainunkhiza pa thiransifoma ndinamva fungo la vanishi wopserera limene silichoka ngakhale patapita miyezi. Inali italumikizidwapo kamodzi kokha, kwa masekondi ochepa.

Ampulifaya ya mavolti 120 imene sinapse ingathe kugwira ntchito ndi thiransifoma yotsitsa magetsi, bola ikhale yamphamvu kuposa mawati amene alembedwa kumbuyo kuti ampulifayayo imadya. Nambala imeneyi ndi yosiyana ndi mawati a mawu, pakuti ampulifaya ya mawati 40 ingathe kudya magetsi opitirira mawati 150. Kumbukiraninso kuti thiransifoma imene inapangidwira magetsi a 60Hz imatentha pang'ono kuposa masiku onse ikapatsidwa athu a 50Hz. Kwa munthu woimbira kunyumba yekha zimenezi n'zopiririka. Kutchalitchi kapena m'bandi, kumene manja ambiri amalumikiza zida mothamanga, ine sindilangiza, chifukwa tsiku lina wina adzaiwala kabokosi kotsitsa magetsiko.

Kenako tulutsani fyuzi, ampulifaya isanalumikizidwe, ndipo muyerekeze nambala yake ndi imene yalembedwa pambali pa malo ake. Mukapeza fyuzi yaikulu kuposa yoyenera, kapena yokulungidwa ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kapena yomangidwa ndi kawaya, dziwani kuti ampulifayayo inkapsereza mafyuzi ndipo mwini wake anatseka pakamwa pa mlonda m'malo mofufuza wakuba. Yang'anani machubu ndi tochi. Chubu chilichonse chili ndi banga lonyezimira ngati galasi loonera nkhope, pamwamba kapena m'mbali; bangalo likayera ngati ufa ndiye kuti mpweya unalowa ndipo chubucho chinafa. Dzimbiri lapamwamba pa thiransifoma lisakuopseni, koma penti yotupa, phula lochucha ndi fungo lopserera ndi zizindikiro zoipa. Kankhani pepala la sipika pang'onopang'ono ndi zala za manja onse awiri mofanana. Liyenera kulowa ndi kutuluka mwakachetechete, ndipo likamakhula ndiye kuti koyilo yake inapotoka ndi kutentha. Zitosi za makoswe ndi mphemvu m'bokosimo zimasonyeza kuti inasungidwa nthawi yaitali pamalo oipa, ndipo ampulifaya imene yakhala zaka zambiri osayatsidwa si bwino kuiyatsa mwadzidzidzi; mmisiri amaikweza magetsi pang'onopang'ono kuti makapasita asaphulike.

Musatsegule chitsulo chimene chabisa mawaya. Mkatimo mumayenda mavolti 300 mpaka 500, ndipo makapasita angathe kuwasunga ngakhale pulagi itazulidwa. Onetsetsaninso kuti sipika yalumikizidwa komanso kuti nambala yake, 4, 8 kapena 16 ohm, ikugwirizana ndi imene yalembedwa pa bowo lake. Ampulifaya ya machubu ikaimbidwa popanda sipika, thiransifoma ya mawu ingathe kupsa, ndipo pa chifukwa chimenechi ndi bwino kufunsa wogulitsa ampulifaya yopanda bokosi la sipika kuti ankaiimbira pa masipika ati.

Kuiyatsa ili yozizira

Popangana tsiku, muuzeni wogulitsa kuti asaiyatse inu musanafike, ndipo mukafika ikani dzanja pamwamba pake kuti mutsimikize. Pitani ndi gitala yanu ndi nthambo imene mukuidziwa bwino, chifukwa simufuna kuimba mlandu ampulifaya pa vuto la nthambo ya munthu wina. Ngati ili ndi switchi ya Standby, yatsani ya magetsi poyamba, dikirani mphindi imodzi, kenako muyatse inayo. Kaphokoso kamodzi kakang'ono poyatsa si vuto.

Kung'ung'uza ndiko kumasokoneza anthu ambiri, pakuti kuli ndi magwero angapo ndipo ena mwa iwo sali m'ampulifaya n'komwe. Zulani gitala ndipo mutsitse volyumu mpaka pansi. Ngati phokoso likumvekabe mofanana, kaya mwakweza kaya mwatsitsa, gwero lake lili chakumapeto: makapasita osalaza magetsi atopa, kapena machubu akuluakulu sakukoka magetsi mofanana. Ngati likukula mukamakweza volyumu gitala isanalowe, kayikirani chubu chaching'ono choyamba kapena bowo lolowetsa gitala limene silikutseka bwino. Ngati likubwera pokhapokha gitala italowa, ndipo likusintha mukamatembenuka kapena mukayandikira mababu ndi machaja a foni, ampulifaya ilibe mlandu; mapikapu (tizida totola mawu a nsambo pa gitala) a koyilo imodzi, monga a gitala ya Stratocaster, amatola phokoso lotere mwachibadwa.

Khutu la woimba lingathandizenso pano kuposa mmene ambiri amaganizira. Kung'ung'uza kochokera ku makapasita otopa kumamveka pa 100Hz kumayiko a magetsi a 50Hz, ndipo mawu amenewa ali pafupi kwambiri ndi G wa pa freti yachitatu ya nsambo yonenepa kwambiri, amene ali pa 98Hz. Imbani G ameneyo ndi kuyerekeza. Phokoso likafanana naye, konzekerani kusintha makapasita, imene ndi ntchito ya mtengo wapakati ndipo imachitika kamodzi pa zaka zambiri. Likakhala lakuya kuposa pamenepo ndi okitevu yathunthu, ndiye kuti ndi la 50Hz, ndipo nthawi zambiri limachokera ku chubu, ku mawaya otenthetsa machubu kapena ku ethi (waya wachitetezo wopita pansi) yosagwira bwino. Makapasita otopa amadziululanso mwa njira ina: mukaimba nsambo imodzi mokweza chakumtunda kwa khosi la gitala, mumamva kamawu kena kosagwirizana kakutsatira pansi pake ngati mthunzi.

Kuthetheka kuli mitundu itatu. Kumene kumamveka pokhapokha mukamapotokola batani la volyumu kapena la mabesi ndi fumbi chabe, ndipo mankhwala opopera otsukira zamagetsi amakuthetsa. Kukapitirira batanilo litatsukidwa, mwina pali kapasita kakang'ono kamene kakudontheza magetsi, komabe imeneyo si ntchito yaikulu. Kumene kumabwera kokha, ngati mafuta akuwira m'chiwaya, gitala ili chete, kumachokera ku chubu chaching'ono, ku mano ake amene achita dzimbiri m'soketi, kapena ku rezisita (kachida kochepetsa magetsi odutsa) yokalamba. Mtundu wachitatu umamveka mukamenya bokosi ndi chikhatho kapena mukaimba nsambo zakuya mokweza, ndipo umasonyeza kuti mtovu wowotcherera wang'aluka penapake. Pa maampulifaya amene soketi za machubu zinawotchereredwa pa bolodi lenilenilo, vuto limeneli n'lofala, chifukwa kutentha ndi kugwedezeka zimagwera pamalo amodzi.

Tengani pensulo ndipo mugogode chubu chaching'ono chilichonse mopepuka ndi mbali ya labala, volyumu ili pakati. Chubu choyamba, chimene chili pafupi ndi bowo la gitala, chimamveka pang'ono nthawi zonse, ndipo zimenezo n'zachibadwa. Chimene chikulira ngati belu, kapena kuyamba likhweru losaleka, chatha ntchito ndipo ndicho chidzakuchititseni manyazi pamaso pa anthu mukadzakweza mawu. Popeza machubu a 12AX7 a m'ampulifaya imodzi amasinthanitsika, mungathe kuzimitsa, kudikira kuti azizire, n'kusinthanitsa awiri; vuto likasamuka limodzi ndi chubu, mwagwira wolakwa, ndipo amenewa ndi matenda otchipa kuposa onse.

Machubu akuluakulu amafuna kuwaonera pamalo a mdima pang'ono. Kuwala kofiirira kwa kawaya ka pakati n'koyenera, ndipo kabuluu kakang'ono pa galasi sikasonyeza vuto. Koma chitsulo chachikulu chotuwa cha mkatimo chikayamba kufiira ngati makala a pa mbaula, zimitsani nthawi yomweyo, chifukwa chubucho chikukoka magetsi opitirira muyeso ndipo chingatenge thiransifoma n'kupita nayo. Gwero lake lingakhale chubu chenichenicho, kapasita kodontha, kapena bayasi, umene ndi muyeso wa magetsi amene chubu chimakoka chikakhala chete. Machubu akuluakulu amagulidwa awiriawiri kapena anayianayi oyesedwa kuti ndi ofanana, ndipo pa maampulifaya ambiri a Fender ndi Marshall mmisiri ayenera kuona bayasi akawasintha. Vox AC30 imadziyesera yokha bayasi, koma imawaotcha kwambiri moti EL84 ake sakhalitsa.

Theka la ola

Zonsezi zikatha, imbani kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, mbali ina ya nthawiyo mokweza ngati mmene mudzaimbire ndi woimba ng'oma pambali panu. Wogulitsa amene akukana zimenezi, kapena amene akukuuzani kuti anthu oyandikana nawo adandaula, mupempheni kuti mukayesere kwina; akakanabe, musagule. Yesani bowo lililonse, tchanelo chilichonse, rivebu, ndi chopondera chosinthira matchanelo ngati chilipo.

Mawu akayamba kutsika ndi kukwera okha ampulifaya itatentha, musafulumire kuganiza zoopsa. Ngati kumbuyo kuli mabowo awiri olembedwa Send ndi Return, kapena Preamp Out ndi Power Amp In, alumikizeni ndi kanthambo kakafupi. Mabowo amenewa ali ndi timano timene mawu amadutsamo ngakhale simukuwagwiritsa ntchito, ndipo timanoto tikachita dzimbiri mawu amadukaduka. Vuto likatha mutalumikiza kanthamboko, chofunika ndi kutsuka basi. Likapitirira, bwererani ku mtovu wong'aluka kapena machubu akuluakulu otopa, amene amadziwika ndi mawu ofooka, opanda mabesi olimba. Amisiri amene amakonza Hot Rod Deluxe amadziwa kuti ili ndi marezisita awiri akuluakulu amene amatentha kwambiri mpaka kudetsa bolodi ndi kumasula mtovu, ndipo chizindikiro chake ndi chakuti matchanelo amasintha okha kapena rivebu imazima ikatentha. Likagwidwa msanga limakonzeka bwino, koma bolodi likapserera mpaka kuchita makala, ntchito yake imakhala yokayikitsa.

Fyuzi ikapsa inu muli pomwepo, pali njira imodzi yodziwira kukula kwa vuto, ndipo ndi bwino kuti aichite ndi mmisiri. Amazula machubu akuluakulu, n'kuika fyuzi ya nambala yoyenera ya mtundu wochedwa kupsa, umene umalembedwa ndi chilembo T, kenako n'kuyatsa. Fyuzi ikapirira, wolakwa amakhala mmodzi wa machubuwo. Ikapsanso, vuto lili ku chigawo cha magetsi: chubu kapena madayodi owongola magetsi, makapasita, kapena thiransifoma yeniyeniyo. Thiransifoma ya mawu imene yawonongeka imadziwika ndi mawu owonda, otsika ndi othetheka amene sasintha ngakhale muike machubu atsopano. Pa zinthu ziwiri zimenezi, thiransifoma yakufa ndi bolodi lopserera, ine ndimabweza ndalama m'thumba pokhapokha ampulifayayo ikhale yosowa ndipo mtengo wake watsitsidwa kwambiri, chifukwa thiransifoma ndi yolemera kuitanitsa kuchokera kunja, ndipo yokulungidwanso pamanja sikawirikawiri kubwezeretsa mawu ake akale.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichiyenera kuchedwetsedwa ngakhale tsiku limodzi. Mukamva kunyerenyetsa kwa magetsi pa nsambo, kapena pa milomo mukayandikira maikolofoni mutagwira gitala, lekani kuimba. Les Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni imene inalibe ethi yabwino. Maampulifaya akale a ku America anali ndi nthambo ya mano awiri yopanda ethi, ndipo yotereyi iyenera kusinthidwa ndi mmisiri isanaimbidwe. Mungathe kuyesa ndi mita, pulagi itazulidwa ku magetsi ndipo ili m'manja mwanu: pakati pa dzino lalitali la pulagi ndi chitsulo cha ampulifaya payenera kukhala njira yosaduka. Ikapezeka kuti ili bwino, kayikirani ekisitenshoni, pakuti zambiri zotchipa zili ndi mabowo atatu koma mawaya awiri okha mkati.

Kuwerengera mtengo weniweni

Machubu atsopano amapangidwa m'mafakitale ochepa kwambiri padziko lapansi. JJ Electronic ili ku Čadca m'dziko la Slovakia, fakitale ya ku Saratov ku Russia ndiyo imapanga a Electro-Harmonix, Sovtek ndi Tung-Sol amakono, ndipo ena amachokera ku China. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, machubu anasowa kwa kanthawi ndipo mitengo inakwera. Kwa woimba wa ku Lilongwe kapena ku Chipata, zimenezi zikutanthauza kuti machubu aitanitsidwa kuchokera ku Johannesburg, ku London kapena kutali kuposa pamenepo, ndi ndalama zakunja, ndipo pakhala masabata odikira. Fufuzani mtengo wa machubu onse a ampulifayayo musanapite kukaiona, muwonjezepo wotumizira ndi wa mmisiri, ndipo ndalama imeneyo ndiyo muichotse pa mtengo wa wogulitsa pokambirana, pokhapokha akuonetseni umboni wakuti anawasintha posachedwa. Mawu akuti "machubu ndi atsopano" opanda lisiti kapena mabokosi ake musawawerengere.

Mmisiri ayenera kupezeka musanagule. Ambiri amene amakonza mafoni ndi ma TV sanagwirepo chida cha machubu, ndipo amene amazidziwa kawirikawiri ndi achikulire amene anayamba ntchito pa mawailesi akale, kapena ochepa amene amakonza zida za m'masitudiyo. Mufunseni ngati amadziwa kuyeza bayasi ndi kutaya magetsi otsalira m'makapasita. Yankho lake lidzakuuzani ngati mungamusiyire chida chanu. Akapezeka, pitani naye kokagula, kapena pemphani wogulitsa kuti ampulifaya ikaonedwe kwa iye inu musanamalize kulipira.

Ganiziraninso kumene idzaimbidwe. Jenereta yaing'ono imene ikukoka masipika akuluakulu, kiyibodi ndi mababu nthawi imodzi imakweza ndi kutsitsa magetsi, ndipo machubu, amene kawaya kawo kotenthetsa kamafuna mavolti 6.3, amafupika moyo magetsi akamakwera mopitirira. Chowongolera magetsi chabwino chiyenera kulowa m'bajeti. Kulemera nakonso n'kofunika kukuwerengera, pakuti Fender Twin Reverb imalemera makilogalamu pafupifupi 29, ndipo amene amayenda pa minibasi kapena pa kabaza adzazimva sabata iliyonse. Ampulifaya ya mawati 15 yoikidwa maikolofoni kutsogolo imakwana m'tchalitchi chachikulu, pamene ya mawati 100 siifika n'komwe pamene mawu ake amakomera anthu asanatseke makutu. Ndipo ngati ntchito yanu ndi kuimba mawu oyera kumbuyo kwa kwaya kudzera m'mikisa, ampulifaya ya matiranzisita kapena kachida kamakono kotsanzira mawu a machubu kangakutumikireni zaka zambiri popanda mavuto onsewa, ngakhale kuti pansi pa zala sikamveka chimodzimodzi.

Mukagwirizana mtengo, musainyamule ikadali yotentha. Ipatseni mphindi 15 kuti izizire, chifukwa zitsulo za m'machubu zimakhala zofewa zikatentha ndipo msewu wa mabampu umaziwononga. Iikeni pa bulangeti lopindidwa kapena pa mpando, osati pa chitsulo cha galimoto. Mukafika, kankhani chubu chilichonse pang'ono kuti chikhazikike m'soketi yake, onani kuti nthambo ya sipika sinazuke panjira, ndipo m'thumba la gitala muzisungamo mafyuzi awiri a nambala yoyenera ndi 12AX7 mmodzi wokulungidwa m'kansalu.